Thumba la Makalata: Mbiri ya Kampani ya Ndege ya Aéropostale

M'mwezi wa Malichi 1919, ndege yaing'ono ya mapiko awiri osanjikizana idatera pa bwalo la mzinda wa Rabat m'dziko la Morocco. M'ndegemo mudatuluka anthu awiri: woyendetsa, dzina lake Lemaître, ndi mwini fakitale wina wa ku Toulouse, kumwera kwa France, Pierre-Georges Latécoère. Amene adawalandira adali Hubert Lyautey, mkulu wa asilikali yemwe ankalamulira Morocco m'dzina la boma la France. Latécoère adapatsa mkuluyo nyuzipepala ya Le Temps yongotuluka kumene, ndipo kwa mkazi wake adapereka maluwa a ku Toulouse amene adali asanafote. Mphatso ziwirizi zidanena zonse zimene mlendoyo adadzera. Masiku amenewo kalata yochoka ku Paris inkakwera sitima ya pamtunda, kenaka ya pamadzi, n'kufika ku Morocco patapita sabata yathunthu kapena kupitirira apo. Latécoère ankafuna kuti Lyautey aone ndi maso ake kuti mtunda womwewo ungathe kudulidwa m'masiku awiri, ndipo kuti avomere kuthandizapo ndi ndalama za boma. Lyautey adavomera.

Kampani imene idamera pa ulendo umenewu idasintha dzina kangapo. Idayamba ngati Lignes Aériennes Latécoère, mu 1921 idakhala Compagnie Générale d'Entreprises Aéronautiques, ndipo kuyambira mu 1927 idatchedwa Compagnie Générale Aéropostale, dzina limene ikukumbukiridwa nalo mpaka lero. Antchito ake ankangoitchula kuti la Ligne, kutanthauza Njira. Idakhala ndi moyo zaka zosakwana 15, koma m'zaka zimenezo idalumikiza Toulouse ndi Santiago wa ku Chile, kudutsa m'mphepete mwa chipululu cha Sahara, nyanja ya Atlantic ndi mapiri a Andes. Katundu wake weniweni adali makalata, ndipo chimene ogula ankalipira adali masiku amene kalata inkapulumutsa panjira. Mbiri ya kampaniyi ndi ya mtengo wa masiku amenewo, ndiponso ya anthu amene adaulipira.

Ndege zotsala pa nkhondo

Latécoère adabadwa mu 1883 ku Bagnères-de-Bigorre, m'tsinde mwa mapiri a Pyrénées. Bambo ake adali ndi kampani yocheka matabwa, ndipo iye ataitenga adaikuza mpaka idayamba kupanga mabogi a sitima za pamtunda. Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse itabuka, fakitale yake idayamba kupanga zipolopolo za mizinga, ndipo mu 1917 boma lidamupatsa ntchito yopanga ndege za nkhondo 1,000 za mtundu wa Salmson. Pa ntchito imeneyi adamanga fakitale ndi bwalo la ndege pa malo otchedwa Montaudran, kunja kwa mzinda wa Toulouse. Nkhondo itatha mu Novembala 1918, dziko la France lidatsala ndi ndege zambirimbiri zopanda ntchito, ndiponso anyamata odziwa kuuluka amene adalibe kolowera.

Maganizo a Latécoère adali oti atenge zotsala ziwirizi n'kutsegula njira yoyambira ku Toulouse, kutsata gombe la Spain, kuwolokera ku Morocco, kutsika mpaka ku Senegal, ndipo tsiku lina kudumpha nyanja kukafika ku Brazil ndi ku Argentina. Adasankha makalata chifukwa cha masamu. Ndege za nthawiyo zinkanyamula katundu wochepa kwambiri, ndipo munthu mmodzi amalemera mofanana ndi makalata zikwi zingapo, kalata iliyonse ili ndi sitampa yake yolipiridwa pamwamba pa mtengo wa masiku onse. Kuwonjezera apo, kalata sichita mantha, simva chisanu, ndiponso sidandaula ndege ikagwedezeka. Ngakhale zidali choncho, ndalama za masitampa pazokha sizikadakwanira. Kuyambira pachiyambi kampaniyi idatsamira pa chithandizo cha boma la France, limene linkafuna kugwira mwamphamvu maiko amene linkawalamulira mu Africa.

Pa 25 Disembala 1918, Latécoère adauluka kuchoka ku Toulouse kukafika ku Barcelona ndi woyendetsa René Cornemont, kudumpha mapiri a Pyrénées m'maola awiri ndi mphindi 20. Boma la Spain lidazengereza kulola ndege za alendo kuuluka pamwamba pa dziko lake, ndipo bwenzi la Latécoère la ku Italy, Beppo de Massimi, lidatha miyezi yambiri likugogoda m'maofesi a ku Madrid. Chilolezo chitapezeka, makalata oyamba adanyamuka ku Montaudran pa 1 Seputembala 1919, kudzera ku Barcelona, Alicante ndi Málaga, kukafika ku Rabat. Chaka chotsatira njirayo idafika ku Casablanca.

Ndege imene idasenza ntchitoyi zaka zoyambirira idali Breguet 14, yotsala pa nkhondo. Idali ndi injini imodzi ya Renault, mapiko okutidwa ndi nsalu, ndi mpando wa woyendetsa wopanda denga, kotero kuti mvula ndi mphepo zinkamuwomba kumaso ulendo wonse. Idalibe wailesi. Woyendetsa ankadalira kampasi, mapu ndi maso ake, kutsata gombe, mitsinje ndi njanji. Mitambo ikatsika nayenso ankatsika, nthawi zina mpaka kuyandikira mafunde a nyanja. Injini inkazima kawirikawiri, ndipo aliyense ankaloweza pamtima minda ndi magombe amene akadatha kuterapo mwadzidzidzi.

Lamulo la Daurat

Amene adayendetsa ndege ya makalata oyamba aja adali Didier Daurat, msilikali wakale yemwe adavulala pa nkhondo ya ku Verdun asanaphunzire kuuluka. Mu Okutobala 1920 kampani idataya antchito ake oyamba pa ngozi, mitima ya otsala idagwa, ndipo Latécoère adaika Daurat kukhala woyang'anira maulendo onse. Lamulo lake lidali limodzi: makalata anyamuke pa nthawi yake, kunja kuche bwino kapena kuipe. M'mawa uliwonse ankaima pa bwalo la Montaudran, ndudu ili pakamwa, kuonetsetsa kuti ndege yanyamuka. Woyendetsa wobwerera panjira popanda chifukwa chomveka ankachotsedwa ntchito.

Wobwera kumene aliyense, ngakhale adali ngwazi ya nkhondo yokhala ndi mamendulo pachifuwa, ankayambira m'galaja, kutsuka zitsulo za injini pamodzi ndi amakaniko. Daurat ankafuna kuti munthu adziwe injini ndi manja ake, popeza tsiku lina adzayenera kuikonza yekha pamalo popanda womuthandiza. Mu 1924 kudafika mnyamata wina wa zaka 22, Jean Mermoz, amene adali atavutika ndi ulova ku Paris. Pa mayeso ake adaonetsa luso lonse, kugudubuza ndege mumlengalenga ngati wa masewera. Atatera, Daurat adamuuza mosapsatira kuti kampani sinkafuna anthu a zionetsero. Adamupatsa mwayi wachiwiri, ndipo Mermoz adauluka modekha n'kulembedwa ntchito.

Nkhanza za Daurat zidali ndi maziko ake. Munthu amalipira sitampa yodula pokhapokha akakhulupirira kuti kalata yake ifikadi msanga. Ndege ikadamanyamuka kunja kukacha bwino pokha, amalonda ndi mabanki akadabwerera ku sitima ya pamadzi, imene inkachedwa koma tsiku lake lofika linkadziwika. Choncho kusaphonya nthawi ndiko kudali moyo wa kampani. Koma walira mvula walira matope: lamulo lomwelo lidatumiza anthu m'nkhungu ndi m'namondwe amene ena sadabwereko. Ena mwa antchito ake adamuda, ena adamulemekeza moyo wawo wonse, ndipo ambiri adachita zonse ziwiri.

Chipululu ndi eni ake

Kumwera kwa Casablanca kudali mtunda wa makilomita pafupifupi 2,800 kukafika ku Dakar, mbali yaikulu mchenga wokhawokha m'mphepete mwa nyanja. Mu Meyi 1923, Joseph Roig adatsogolera ndege zitatu pa ulendo woyesa njirayo, mafuta atatumizidwa kale pa bwato. Maulendo a sabata ndi sabata adayamba mu Juni 1925. Malo oterapo adali Agadir, Cap Juby, Villa Cisneros, Port-Étienne ndi Saint-Louis. Lero Cap Juby ndi Tarfaya, Villa Cisneros ndi Dakhla, ndipo Port-Étienne ndi Nouadhibou wa ku Mauritania.

Pa mapu a ku Ulaya, chigawo chapakati cha njirayi chidali cha Spain, koma ulamuliro wa Spain unkathera pa makoma a malinga ake awiri kapena atatu. Kunja kwa makomawo dziko lidali la eni ake, mafuko oweta ngamila amene Afalansa ankawatchula onse pamodzi kuti Maures. Anthuwa adali ndi zifukwa zawo zodera ndege. Asilikali a France ankawapanikiza kuchokera kumpoto ndi kumwera komwe, ndipo ndege za mtundu womwewo wa Breguet 14 ndizo zinkaponya mabomba pa nkhondo ya ku Rif, kumpoto kwa Morocco, m'zaka zomwezo. Munthu woima pamchenga sakadatha kusiyanitsa ndege ya makalata ndi ya nkhondo, ndipo palibe amene adamupempha chilolezo choti idutse pamwamba pa zitsime zake. Choncho ndege zinkawomberedwa, ndipo woyendetsa wogwera m'chipululu ankagwidwa kuti awomboledwe ndi dipo, kapena kuphedwa.

Kampani idapeza njira ziwiri zodzitetezera. Yoyamba idali yoti ndege ziziuluka ziwiriziwiri, kuti ina ikagwa inzake itere pafupi n'kutola anthu ndi matumba. Yachiwiri idali yolemba ntchito amuna a m'chipululu momwemo kuti akhale omasulira. Womasulira ankakwera kumbuyo, pakati pa matumba a makalata, atafunda nsalu yake, ndipo injini ikazima ndiye ankatsika kukakumana ndi anthu a mfuti, kunena fuko lake, kukambirana za dipo ndi kugula nthawi. Ngozi iliyonse ya mumlengalenga inkamugwera mofanana ndi woyendetsa, ndipo pansi ankaonjezera ina, yoonedwa ndi abale ake ngati wogwirizana ndi adani. Oyendetsa angapo adakhala ndi moyo chifukwa cha pakamwa pa anthu amenewa.

Mu Meyi 1926 Mermoz adagwa m'chipululu, adagwidwa, ndipo adamasulidwa dipo litaperekedwa. Mu Novembala chaka chomwecho zinthu zidaipa kwambiri. Ndege ina itawonongeka, oyendetsa awiri, Gourp ndi Érable, pamodzi ndi makaniko wa ku Spain dzina lake Pintado, adazingidwa. Érable ndi Pintado adaphedwa pomwepo, ndipo Gourp, atavulazidwa koopsa, adawomboledwa koma adakamwalira m'chipatala ku Casablanca. Mu 1928 Marcel Reine ndi Édouard Serre adakhala m'manja mwa owagwira pafupifupi miyezi inayi.

Cha kumapeto kwa 1927, Daurat adatumiza ku Cap Juby woyendetsa wina amene adali atangokhala chaka chimodzi pa kampani, Antoine de Saint-Exupéry, kuti akayang'anire bwalolo. Ntchito yake idali yosunga mtendere ndi asilikali a Spain a mulinga, kupalana ubwenzi ndi mafumu a m'chipululu, ndi kukafunafuna anzake ogwa. Adakhala kumeneko kupitirira chaka m'kanyumba ka matabwa, pakati pa nyanja ndi mchenga, ndipo usiku ankalemba buku lake loyamba, Courrier Sud, limene lidatuluka mu 1929.

Tsidya lina la nyanja

Latécoère adali atatumiza kale anthu ake ku South America, ndipo mu Januwale 1925 iwo adauluka kuchoka ku Rio de Janeiro kukafika ku Buenos Aires. Koma zilolezo ndi ndalama zidamuvuta. Amene adali nazo zonse ziwiri adali Marcel Bouilloux-Lafont, mwini mabanki wa ku France yemwe adali ndi madoko, njanji ndi nyumba ku Brazil, ndiponso ankadziwana ndi akuluakulu a maboma a kumeneko. Mu Epulo 1927 iye adagula magawo 93 pa 100 alionse a kampaniyo pa mtengo wa mafalanki 30 miliyoni, n'kuitcha Aéropostale. Latécoère adatsala ndi fakitale yake, kumapanga ndege zimene kampaniyo inkagula.

Bouilloux-Lafont adathira chuma chake mu ntchitoyi mosaumira. M'miyezi yochepa mabwalo a ndege adalambulidwa m'gombe lonse la Brazil kuyambira ku Natal, okhala ndi nyumba zosungiramo ndege, nyali ndi wailesi. Woyendetsa Paul Vachet ndiye adayenda gombelo kufufuza malo ndi kugula minda. Mu Novembala 1927 njira ya Natal mpaka Buenos Aires idatsegulidwa, ndipo pa 1 Malichi 1928 makalata adayamba kuyenda njira yonse pakati pa France ndi South America.

Padatsala mpata umodzi waukulu. Padalibe ndege yotha kuwoloka Atlantic sabata ndi sabata itanyamula katundu, choncho matumba akafika ku Dakar ankakwezedwa pa timasitima tothamanga tobwerekedwa kwa asilikali a pamadzi, timene tinkatenga masiku anayi kapena asanu kukafika ku Brazil. Ndi masiku ochuluka chotere otayika panyanja, kampani idayenera kupeza nthawi kwina. Sitima ya pamadzi sigona, pamene ndege inkakhala pansi kuyambira madzulo mpaka m'bandakucha. Yankho lidali kuuluka usiku, chinthu chimene ambiri ankachiyesa kudzipha. Mu Epulo 1928 Mermoz adanyamula makalata usiku pakati pa Rio de Janeiro ndi Buenos Aires, ndipo posakhalitsa maulendo a usiku adakhala a masiku onse. Kalata imene pa sitima inkatenga masabata atatu tsopano inkafika patangotha sabata ndi masiku ochepa.

Mapiri a Andes

Pakati pa Argentina ndi Chile pali mapiri a Andes, amene nsonga zake zina zimapitirira mamita 6,000. Ndege ya Latécoère 25 imene kampani idali nayo sinkatha kukwera kufika pamenepo. Mu Malichi 1929, Mermoz ndi makaniko wake Alexandre Collenot, akufufuza mpata wodutsira kuchokera ku Copiapó, adakankhidwa ndi mphepo n'kugwera pa thanthwe lotsetsereka, pamtunda wa mamita pafupifupi 4,000. Miyendo ya ndege idapindika ndipo mapaipi a madzi adaphulika ndi chisanu. Collenot adakonza zonsezo ndi waya, nsalu ndi zidutswa za zovala, manja ali owuma ndi kuzizira. Patapita masiku atatu, awiriwo adakankhira ndege pamwamba pa chitsetserekocho, Mermoz adaitsetsereza kulunjika kuphompho, ikudumpha ming'alu ya thanthwe, mpaka idapeza liwiro n'kuuluka. Adatera ku Copiapó anthu atawataya kale.

Kampani itapeza ndege ya Potez 25, yotha kukwera pamwamba kwambiri, njira ya Buenos Aires mpaka Santiago idatsegulidwa mu Julaye 1929. Amene adapatsidwa chigawo cha mapiri adali Henri Guillaumet. Lachisanu pa 13 Juni 1930, m'nyengo yozizira ya kumeneko, iye adanyamuka ku Santiago kunja kuli namondwe. Mphepo idamutsekera pakati pa mapiri, ndipo mafuta atatha adatera m'mbali mwa nyanja yaing'ono ya Laguna del Diamante, pomwe ndege idagudubuzika chagada. Adakumba dzenje pansi pa phiko, n'kudzitchinga ndi matumba a makalata kwa masiku awiri. Mphepo italeka adayamba kuyenda wapansi kulowera kum'mawa, masiku asanu ndi usiku unayi, osalola kugona chifukwa wogona m'chisanu chotero sadzukanso. Anzake, mmodzi mwa iwo Saint-Exupéry, ankazungulira mapiriwo ndi ndege osamuona. Amene adamupeza adali mnyamata wa zaka 14 woweta ziweto, Juan García, ndipo mayi ake a mnyamatayo adamusamalira m'kanyumba kawo. Matumba aja adakatengedwa pambuyo pake n'kutumizidwa kwa eni ake. Guillaumet atachira adabwerera ku ntchito yomweyo, ndipo pamoyo wake adadumpha Andes maulendo 393.

Mwezi umodzi ngoziyi isanachitike, mpata wa panyanja uja udali utatsekedwa koyamba. Pa 12 Meyi 1930, Mermoz, Jean Dabry wolondolera njira ndi Léopold Gimié wa pa wailesi adanyamuka pa mtsinje wa Senegal ku Saint-Louis m'ndege yotera pamadzi ya Latécoère 28, ya injini imodzi, itanyamula makilogalamu 130 a makalata. Usiku adadutsa m'chigawo cha mitambo yakuda ndi mvula yamkuntho chimene amalinyero ankachiopa kuyambira kale, ndipo adatera ku Natal patapita maola 21, atadula makilomita oposa 3,000. Ulendo wobwerera udaonetsa kuti nthawi idali isanakwane. Ndege yolemedwa ndi mafuta idakana kunyamuka pamadzi maulendo 52, idanyamuka pa ulendo wa 53, kenaka mafuta a injini adayamba kutayika pakati pa nyanja. Mermoz adatera pafupi ndi sitima ya kampani yotchedwa Phocée. Anthu ndi makalata adapulumuka, ndege idamira, ndipo timasitima tija tidapitiriza ntchito yake kwa zaka zina.

Kugwa kwa kampani

Mu 1930 Aéropostale idali ndi ndege pafupifupi 200 ndi antchito 1,500. Nthambi yake ya ku Argentina, Aeroposta Argentina, imene Saint-Exupéry ankaiyang'anira kuyambira mu Okutobala 1929, idafika mpaka ku Río Gallegos, kumwera kwenikweni kwa Patagonia. Kunja kudaoneka chikomekome cha nkuyu, koma m'kati mudali nyerere. Mabwalo, nyali ndi mawailesi onse aja adamangidwa ndi ngongole, ndipo ngongolezo zidatsamira pa mabanki a Bouilloux-Lafont ndi pa chiyembekezo choti boma la France lidzaonjezera zaka za mgwirizano wake ndi kampani.

Zonse ziwiri zidagwa pamodzi. Kugwa kwa msika wa ndalama ku New York mu Okutobala 1929 kudagwetsa mitengo ya khofi ndi malonda ena a South America. Mu Seputembala 1930 asilikali adalanda boma ku Argentina, ndipo mwezi wotsatira ku Brazil kudabuka kuukira kumene kudaika Getúlio Vargas pampando. Chuma cha Bouilloux-Lafont cha kumeneko chidauma. Ku Paris, nyumba ya malamulo idakana kupereka chitsimikizo chimene iye ankachiyembekezera. Adali ndi adani m'ndale ndi m'makampani ena a ndege amene ankasirira njira yake, ndipo otsutsa ankati ndalama za boma zidasakanizika ndi za malonda ake ena. Mu Malichi 1931 mabanki ake adatseka zitseko ndipo Aéropostale idalowa m'manja mwa khoti.

Chotsatira chidali chamanyazi. Mu 1932 mwana wake, André Bouilloux-Lafont, adatulutsa zikalata zonena kuti akuluakulu ena a za ndege adalandira ziphuphu kuti agwetse kampaniyo. Zikalatazo zidapezeka kuti zidali zabodza, zopangidwa ndi kathyali wina, ndipo dzina la banjalo lidaipiratu. M'chipwirikiti chomwecho Daurat adachotsedwa ntchito. Komabe miyezi yonseyi makalata sadaleke kuyenda, popeza oyendetsa ndi amakaniko adapitiriza kunyamuka pa nthawi yake pamene eni kampani ankakokanakokana m'makhoti.

Mu 1933 nduna yoona za ndege, Pierre Cot, idaphatikiza makampani anayi, Air Orient, Air Union, CIDNA ndi kampani ya abale a Farman, ndipo kampani yatsopanoyo idagula katundu wa Aéropostale. Umu ndi mmene idabadwira Air France, imene idakhazikitsidwa mwamwambo pa 7 Okutobala 1933 pa bwalo la Le Bourget. Marcel Bouilloux-Lafont adamwalira ku Rio de Janeiro mu 1944 ali wosauka.

Zimene zidatsala

Njira yokhayo idapitirira pansi pa dzina latsopano, ndipo chitsanzo chake chidatsatidwa kwina. Mu 1934 oyendetsa awiri a ku France, René Lefèvre ndi Jean Assollant, adatsegula njira ya makalata yochokera ku Madagascar, kudutsa Mozambique, kukafika ku Broken Hill, Kabwe wa lero, kumene matumba ankasamutsidwira m'ndege za Imperial Airways zopita ku Ulaya.

Ambiri mwa amuna otchuka a Njira ija sadakalambe. Collenot adatayika pa Atlantic mu Febuluwale 1936. Pa 7 Disembala chaka chomwecho, Mermoz adanyamuka ku Dakar ndi anzake anayi m'ndege yotchedwa Croix-du-Sud. Uthenga womaliza wa pa wailesi udanena za kuzimitsa injini imodzi ya kumanja, ndipo sadaonekenso. Guillaumet ndi Marcel Reine adawomberedwa pamwamba pa nyanja ya Mediterranean pa 27 Novembala 1940. Saint-Exupéry adasowa pa nyanja yomweyo pa 31 Julaye 1944. Daurat adafika ku ukalamba, n'kumwalira mu 1969. Kuwerengera zaka za kampani yokhayo, kuyambira 1919 mpaka 1933, anthu oposa 100 adafera pa ntchito yonyamula makalata.

Chimene chidasunga dzina la Aéropostale ndi mabuku. Vol de nuit, limene Saint-Exupéry adalitulutsa mu 1931 n'kulipereka kwa Daurat, ndi Terre des hommes la mu 1939, adasandutsa antchito a kampani ya positi kukhala ngwazi za dziko lonse la France. Lero ku Montaudran kuli nyumba yosungiramo mbiri ya kampaniyi, imene idatsegulidwa mu 2018. Ku Tarfaya kuli ina yokumbukira Saint-Exupéry, ku Saint-Louis alendo amaonetsedwa chipinda cha Mermoz mu Hôtel de la Poste, ndipo dera lina la mzinda wa Dakar limatchedwa Mermoz.

Mabuku amakumbukira amene adagwira chiwongolero. Koma mutu umodzi susenza denga, ndipo thumba lililonse lofika ku Santiago lidadutsa m'manja ambiri: a makaniko wokonza injini usiku ndi nyali ya m'manja, a amalinyero a timasitima ta pa Atlantic, a antchito a ku Senegal ndi ku Brazil amene adalambula mabwalo ndi kugubuduza migolo ya mafuta, ndi a womasulira wokhala pakati pa matumba pamwamba pa dziko la makolo ake. Ambiri mwa amenewa sadaikidwe pa chipilala chilichonse. Mmodzi adakumbukiridwa mochedwa: mu 2001, patapita zaka 71 chipezereni Guillaumet m'mapiri, Juan García, ali nkhalamba, adalandira mendulo ya Légion d'honneur kuchokera ku boma la France.